Kasendedwe ka nambala yaikulu mpaka muidziwe mkati ndi kunja, tiyese ndi 559,944

Pali anthu akangoona nambala ya madijiti sikisi kapena seveni amangoti aaa izi nza kompyuta, ine mutu ungandiwawe. Koma nambala yaikulu siiluma, imangofuna muigwire poyenera. Zija mumaona zolembedwa za nambala inayake kuti ili ndi ma factor (manambala oigawa osatsala kanthu) angati, ndi prime (nambala yoposa 1 yongogawika ndi 1 ndi iyo yokha) kapena ayi, ndi sikweya (ngati 25 yemwe ndi 5×5) kapena ayi, mu binary (kalembedwe ka 0 ndi 1 okha) imalembedwa bwanji, zambiri mwa izo mutha kuzipeza nokha papepala, bola muyambe ndi chinthu chimodzi, kuiphwanya nambalayo mpaka itsale ma prime okhaokha. Mukatero zinazo zimangotuluka zokha ngati mukumasula mfundo imodzi chingwe chonse nkuwongoka.

Konzani pepala, pensulo (osati bolopeni, mufufuta kangapo ndithu) ndi kalikyuleta ya pa foni. Nambala yomwe tigwiritse ntchito ndi 559,944. Ndaisankha dala chifukwa ili ndi tizinthu tokoma tobisika mkati mwake, koma njirayi ndi yomweyo pa nambala ina iliyonse.

Poyamba ingoiyang'anani kaye, musathamangire kugawa

Werengani madijiti, alipo 6. Ndiye kuti ili pakati pa 100,000 ndi 999,999. Kuti mumve kukula kwake iyerekezeni ndi nthawi, masekondi 559,944 ndi masiku 6, maola 11, mphindi 32 ndi masekondi 24, yani mutati muwerenge nambala imodzi pa sekondi osagona osapuma sabata itha kutsala pang'ono kutha musanafike.

Kenako dijiti yomaliza. Apa ndi 4, nde nambalayi ndi even, imagawika ndi 2, ndipo pompo funso loti kodi ndi prime latha, si prime. Prime yomwe ili even ndi 2 yokha basi. Komanso sikuthera ndi 0 kapena 5, choncho 5 ndi 10 tawachotsa osataya nawo nthawi.

Wonkhetsani madijiti onse, 5+5+9+9+4+4 = 36. Lembani 36 ameneyu pakona pa pepala, timufuna kawiri katatu kutsogoloku.

Chachiwiri, tulutsani ma 2 onse

Apa anthu ambiri amagawa ndi 2 kamodzi nkupita kwina, ayi, finyani mpaka 2 atheretu. Pali kachidule kake. Kuti mudziwe ngati 4 akulowa yang'anani madijiti awiri omaliza okha, 44, ndipo 44 ÷ 4 = 11, walowa. Pa 8 yang'anani atatu omaliza, 944 ÷ 8 = 118, walowanso. Pa 16 anayi omaliza, 9944 ÷ 16 = 621.5, wakana. Ndiye kuti muli ma 2 atatu, 2×2×2.

Chifukwa chake chidulechi chimagwira ntchito sichovuta, 1000 ndi 8×125, ndiye chilichonse chomwe chili kumanzere kwa madijiti atatu omalizawo ndi masauzande athunthu omwe 8 amawagawa kale bwinobwino, chotsala kuti chiyesedwe ndi kumchirako basi. Chimodzimodzi 100 ndi 4×25.

559,944 ÷ 8 = 69,993. Kuyambira pano nambala yoyamba ija iwaleni kaye, tikulimbana ndi 69,993.

Chachitatu, ma 3

36 uja wabwera. Ngati madijiti akawonkhetsedwa akupereka nambala yogawika ndi 3, nambala yonse imagawika ndi 3, akapereka yogawika ndi 9, yonse imagawika ndi 9. 36 ndi 9×4, nde 9 akulowa. 69,993 ÷ 3 = 23,331, kenako 23,331 ÷ 3 = 7,777. Yesaninso kachitatu kuti mutsimikize, 7+7+7+7 = 28, ndipo 3 salowa mu 28, ma 3 athera pamenepo, alipo awiri.

Ine ndinalakwitsapo apa pa nambala ina, ndinagawa ndi 3 kamodzi nkuiwala kuyesanso, ndiye zonse zomwe ndinawerengera pambuyo pake, chiwerengero cha ma factor, kuwonkhetsa kwake, zonse zinali zabodza ndipo ndinadzazindikira nditadzaza kale tsamba lonse. Prime iliyonse muziifinya mpaka ikane yokha.

Taonani zomwe zatsala, 7,777. Apa ngakhale mwana aona kuti 7 akulowa. Koma tiyerekeze kuti sizinaoneke poyera chonchi, pali njira ina yomwe ndimaikonda kwambiri.

Chachinayi, 7, 11 ndi 13 mwala umodzi

7×11×13 = 1001. Kamfundo kameneka nkagolide. Dulani nambala yanu m'magulu a madijiti atatuatatu kuchokera kumanja, 559 ndi 944, kenako chotserani, 944 − 559 = 385. Tsopano mmalo moyesa nambala yaikulu ija mukuyesa 385 yekha. 385 ÷ 7 = 55, walowa. 385 ÷ 11 = 35, walowa. 385 ÷ 13, 13×29 = 377 kutsala 8, wakana. Nde 559,944 imagawika ndi 7 komanso 11 koma osati 13. Magulu akakhala atatu kapena kuposa mumasinthanitsa, kuwonkhetsa, kuchotsera, kuwonkhetsa, choncho mpaka kumapeto. Zimatheka chifukwa 1000 ndi 1001 kuchotsa 1, ndiye sauzande iliyonse ikagawidwa ndi 7, 11 kapena 13 imakhala ngati yapelewera ndi 1.

11 alinso ndi chidule chakechake, madijiti mumawawonkhetsa ndi kuwachotsera mosinthanitsa, 5−5+9−9+4−4 = 0. Yankho likakhala 0 kapena nambala yogawika ndi 11 ndiye kuti 11 akulowa. Nambala iliyonse yomwe madijiti ake akuyenda awiriawiri ofanana ngati iyi, 55 99 44, imagawika ndi 11 musanayese nkomwe.

7,777 ÷ 7 = 1,111. 1,111 ÷ 7 sizikutheka (7×158 = 1,106, kutsala 5). 1,111 ÷ 11 = 101. 101 ÷ 11 ayi.

Chachisanu, chotsalacho ndi prime kapena chikubisa ena?

Apa ndi pomwe pali nzeru yeniyeni, ndipo ndikufuna muimvetse chifukwa ndi imene imakupulumutsani ku ntchito yachabechabe. Tatsala ndi 101. Simukuyenera kuyesa manambala onse kuyambira 2 mpaka 100. Nambala ikakhala kuti ndi a×b, mmodzi mwa awiriwo sangapose sikweya ruti yake, yani nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yokha imapereka nambalayo, chifukwa onse atakhala aakulu kuposa pamenepo kuchulukitsana kwawo kungapitirire nambalayo. Sikweya ruti ya 101 ndi 10 ndi kakang'ono, 11×11 ndi 121 wapitirira kale. Nde ma prime oyesa ndi 2, 3, 5, 7 basi. Onse akukana. 101 ndi prime.

Osangoyang'ana ndi maso nkuti iyi ikuoneka ngati prime. 91 amanamiza anthu ambiri koma ndi 7×13. 1,001 tamuona kale. 221 ndi 13×17.

Ndiye tamaliza kusenda:

559,944 = 2³ × 3² × 7 × 11 × 101

Tinambala tapamwambato tikutanthauza kuti 2 alipo katatu, 3 alipo kawiri, enawo kamodzikamodzi. Musanapitirire bwererani mmbuyo kuchulukitsa, 8×9 = 72, 72×7,777 = 559,944. Zagwirizana. Ndipo palibe njira ina yoiphwanyira nambalayi m'ma prime kupatula iyi, kaya muyambire pa 101 kaya pa 7 mukafika pomwepa, mfundo imeneyi mizu yake ili kale m'mabuku a katswiri wa masamu Euclid cha m'ma 300 BC.

Kanthu kena kongosangalatsa, 101 nayenso ali ndi chidule, dulani madijiti awiriawiri nkusinthanitsa, 44 − 99 + 55 = 0. Zangochitika kuti 55 ndi 44 akupanga 99 wapakatiyo ndendende.

Tikanakhala ndi tsoka nambala ya msinkhu umenewu nkukhala prime, sikweya ruti yake ili pa 748, ndipo ma prime osapitirira 748 alipo 132, nde tikanagawa maulendo 132 tisananene motsimikiza. Nzotheka ndi kalikyuleta koma tsiku limenelo musakhale ndi zochita zina.

Chachisanu ndi chimodzi, ili ndi ma factor angati

Apa ndiye muona ubwino wa ntchito tagwirayi. Factor ndi nambala iliyonse yomwe imalowa ndendende osatsala kanthu. Simuyenera kuwasaka mmodzimmodzi. Tengani kanambala kapamwamba kalikonse, onjezerani 1, kenako chulukitsani zonse. (3+1)×(2+1)×(1+1)×(1+1)×(1+1) = 4×3×2×2×2 = 96.

Nchifukwa chani tikuonjezera 1? Ganizani kuti mukumanga factor. Pa ma 2 mutha kutenga atatu onse, awiri, mmodzi, kapena osatengako, njira zinayi. Pa ma 3 awiri, mmodzi, kapena osatenga, njira zitatu. 7 mumutenge kapena mumusiye, njira ziwiri, 11 chimodzimodzi, 101 chimodzimodzi. 1 woonjezerayo ndi njira ija yosatengako. Mukapanda kutenga chilichonse mwapeza factor 1, mukatenga zonse mwapeza 559,944 mwini wake, onsewa ali m'gulu la 96 lija.

Ma factor amayenda awiriawiri, wamng'ono ndi wamkulu, 1 ndi 559,944, 2 ndi 279,972, 3 ndi 186,648, mpaka magulu 48. Awiri omwe ayandikana kwambiri ndi 707×792, kutsogolo kwake pali 693×808. Yani mutakhala ndi timiyala 559,944 nkufuna kutiyala m'mizere yofanana mooneka pafupifupi ngati sikweya, mizere 707 ya timiyala 792 ndi pomwe mungafike.

Ena amafunanso kudziwa kuti ma prime osiyana alipo angati, ndi 5, ndipo mukawerenga ndi obwereza omwe alipo 8. Mukachulukitsa osiyanawo kamodzikamodzi, 2×3×7×11×101, mupeza 46,662, imeneyi amaitcha radical. Ndipo poti 4 ndi 9, omwe ndi masikweya, akulowa mu nambala yathu, si squarefree.

Chachisanu ndi chiwiri, kuwonkhetsa ma factor onse 96 osawalemba

Izi zimaoneka ngati matsenga koma ndi masamu wamba. Pa prime iliyonse wonkhetsani njira zake zija, kenako chulukitsani:

(1+2+4+8) × (1+3+9) × (1+7) × (1+11) × (1+101)
= 15 × 13 × 8 × 12 × 102

15×13 = 195, ×8 = 1,560, ×12 = 18,720, ×102 = 1,909,440. Ngati simukukhulupirira yesani pa 12, yemwe ndi 2²×3, (1+2+4)×(1+3) = 28, ndipo 1+2+3+4+6+12 ndi 28 yemweyo.

Tsopano chotsanipo nambala mwini wakeyo, 1,909,440 − 559,944 = 1,349,496. Apa ndi pomwe manambala amagawidwa m'mitundu itatu yomwe Nicomachus wa ku Gerasa anailemba cha m'ma 100 AD. Zotsalazo zikaposa nambalayo amati ndi abundant, yani yosefukira. Zikachepa ndi deficient, yopelewera, ngati 10 yemwe 1+2+5 ndi 8 chabe, ndipo prime iliyonse ili m'gulu limeneli poti imangokhala ndi 1. Zikafanana ndendende ndi perfect, ndipo awa ngosowa zedi, 6, 28, 496, 8,128, kenako kulumpha mpaka 33,550,336. Yathuyi 1,349,496 waposa 559,944 kuwirikiza kawiri ndi kupitirira, nde ndi yosefukira kwabasi.

Ndikuuzeni chinsinsi, tikanatha kudziwa izi osawerengera zonsezi. Nambala iliyonse yogawika ndi 6 yomwe yaposa 6 imakhala yosefukira, chifukwa theka lake, gawo limodzi mwa atatu, ndi gawo limodzi mwa sikisi zikawonkhetsedwa zimapanga kale nambalayo, 279,972 + 186,648 + 93,324 = 559,944, ndiye mukangoonjezerapo factor 1 mwasefukira. Kutheka kosankha ma factor ena nkupanga nambalayo ndendende ngati tachitiramu kumaipangitsa kukhala semiperfect. Pali manambala osefukira omwe zimenezi zimakanika kaya musankhe bwanji, amawatcha weird, woyamba ndi 70. Ndipo musaganize kuti osefukira onse ndi even, alipo a odd, woyamba ndi 945.

Chachisanu ndi chitatu, totient

Funso lake ndi ili, kuyambira 1 mpaka 559,944, ndi manambala angati omwe sagawana prime iliyonse ndi nambala yathu? Yankho lake ndilo totient, ndipo katswiri wa masamu Euler ndi amene anaiyala bwino nkhani imeneyi. Njira yake mumachotsa gawo la prime iliyonse motsatizana. Theka la manambala ndi ogawika ndi 2, atsala 279,972. Mwa amenewo gawo limodzi mwa atatu ndi a 3, chulukitsani ndi 2/3, atsala 186,648. Ndi 6/7, 159,984. Ndi 10/11, 145,440. Ndi 100/101, 144,000. Yatuluka nambala yoyera bwino, 144,000. Zindikirani kuti apa tinambala tapamwamba tija sitinatigwiritse ntchito pochotsa, prime iliyonse imachotsedwa kamodzi kokha. Totient si yongosewera nayo, njira ya RSA yobisira mauthenga pa intaneti, ya mu 1977, inamangidwa pa mfundo imeneyi.

Chachisanu ndi chinayi, ndi sikweya? thirayango? Fibonacci?

Sikweya kaye. Masikweya sathera ndi 2, 3, 7 kapena 8, nde nambala ikathera choncho mwamaliza pompo. Yathuyi ikuthera ndi 4, chidulechi sichitithandiza, ndiponso 944 kumapetoko si umboni poti 712×712 = 506,944. Koma ma prime aja akuyankha mosavuta, kuti nambala ikhale sikweya tinambala tonse tapamwamba tiyenera kukhala even, ndipo ife tili ndi 3, 2, 1, 1, 1. Ayi si sikweya. Ili pakati pa 748² = 559,504 ndi 749² = 561,001. Chizindikiro china, masikweya okha ndi amene amakhala ndi chiwerengero cha ma factor cha odd, 96 ndi even. Kiyubu, ngati 8 yemwe ndi 2×2×2, imafuna tinambalato tonse tigawike ndi 3, nayonso ayi.

Manambala a thirayango ndi aja 1, 3, 6, 10, 15, omwe mumapeza powonkhetsa 1+2+3 kumapitirira. Kayesedwe kake chulukitsani ndi 8 nkuonjezera 1, yankho likakhala sikweya ndiye kuti ndi wa thirayango. 8×559,944 + 1 = 4,479,553. Ikuthera ndi 3, si sikweya, nkhani yatha osakhudza nkomwe sikweya ruti. Oyandikana nayo ndi 559,153 ndi 560,211.

Fibonacci ndi ndandanda uja woti nambala iliyonse ndi kuwonkhetsa ziwiri zam'mbuyo, 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13. Umakula msanga moti mutha kungoulemba, ukafika pa 514,229 umalumpha kupita pa 832,040, yathu ili pakati, mulibemo.

Koma pali funso lina lomwe ndimaliona lokoma kuposa onsewa, kodi nambalayi ingalembedwe ngati masikweya awiri owonkhetsedwa, monga 25 = 9 + 16? Mukanati muyese pamanja ndi ntchito ya maulendo mazana. Lamulo lomwe linachokera pa ntchito ya akatswiri a masamu Fermat ndi Euler likuti yang'anani ma prime omwe akagawidwa ndi 4 amatsala 3, yani 3, 7, 11, 19, 23 ndi anzawo. Ngati mmodzi mwa iwo ali ndi kanambala kapamwamba ka odd, sizingatheke. 3 wathu ali ndi 2, alibe mlandu. Koma 7 ali ndi 1, 11 nayenso 1. Basi, masikweya awiri sangapange 559,944 ngakhale musake chaka chonse.

Nanga atatu? Lamulo la Legendre likuti gawani ndi 4 mpaka akane, kenako onani ngati chotsalacho chikagawidwa ndi 8 chikutsala 7, zikatero ndiye nzosatheka, apo ayi nzotheka. 559,944 ÷ 4 = 139,986, 4 salowanso. 139,986 ÷ 8 kutsala 2. Nde zitheka. Kuwapeza kwake chitani chonchi, tengani sikweya yaikulu yomwe ili pansi pa 139,986, ndi 374² = 139,876, kutsala 110, koma 110 ndi 2×5×11, muli 11 uja wovuta, sagawika m'masikweya awiri. Tsikani kamodzi, 373² = 139,129, kutsala 857, ndipo 857 = 841 + 16 = 29² + 4². Tapeza. Poti tinagawa ndi 4 poyamba, wirikizani kawiri aliyense, 746² + 58² + 8² = 556,516 + 3,364 + 64 = 559,944. Pa masikweya anayi palibe choyesa, Lagrange anatsimikiza mu 1770 kuti nambala yathunthu iliyonse imatheka.

Kenanso kachangu, werengani ma factor a odd okha, siyani ma 2, 3×2×2×2 = 24. Chotsani 1, yemwe akuimira nambalayo ili payokha, 23. Ndiye kuti pali njira 23 zolembera nambalayi ngati manambala otsatizana owonkhetsedwa, yosavuta ndi 186,647 + 186,648 + 186,649.

Chakhumi, za madijiti

Izi ndimaziika kumapeto dala chifukwa zimadalira kalembedwe kathu ka madijiti khumi, si khalidwe lenileni la nambalayo. Kukhala prime kapena kukhala ndi ma factor 96 sikusintha kaya muilembe bwanji, koma izi zimasintha mukasintha kalembedwe.

36 uja abwerenso. 559,944 ÷ 36 = 15,554 ndendende. Nambala yogawika ndi kuwonkhetsa kwa madijiti ake amaitcha Harshad, dzinali anapereka ndi mphunzitsi wa ku India, D. R. Kaprekar. Tikanadziwiratu poti 36 ndi 4×9 ndipo onsewa tawaona akulowa. Mukapitiriza 3+6 = 9, ameneyu ndiye digital root. Mukaitembenuza ndi 449,955, sizofanana, nde si palindrome.

Binary mumagawa ndi 2 mobwereza nkumalemba zotsala pambali. 559,944 kupita 279,972 kutsala 0, 139,986 kutsala 0, 69,993 kutsala 0, 34,996 kutsala 1, 17,498 kutsala 0, 8,749 kutsala 0, 4,374 kutsala 1, mpaka mufike pa 0, maulendo 20 onse pamodzi. Kenako werengani zotsalazo kuchokera pansi kupita pamwamba, apa ndi pomwe ambiri amatembenuza nkulemba chagada. Mupeza 10001000101101001000. Mwaona maziro atatu kumapetoko? Ndi 2³ uja akudzionetsa. Dulani anayianayi, 1000 1000 1011 0100 1000, gulu lililonse lisandutseni dijiti imodzi, 8, 8, 11, 4, 8, ndipo 11 mu hexadecimal, kalembedwe ka madijiti 16, amalembedwa B, nde ndi 88B48. Tsimikizani, 524,288 + 32,768 + 2,816 + 64 + 8 = 559,944.

Nanga chotsala chija chikakhala chachikulu nkukana ma prime ang'onoang'ono onse?

Ife tinachita mwayi kutsala ndi 101. Nthawi zina mumatsala ndi chinthu ngati 8,051, mwayesa 7, 11, 13, 17, 19, 23 onse akukana ndipo dzanja layamba kutopa. Yesani njira ya Fermat, imagwira bwino ma factor akakhala oyandikana. Pezani sikweya yoyamba yoposa nambalayo, 90² = 8,100. Chotsani, 8,100 − 8,051 = 49, ndipo 49 ndi 7². Pompo ma factor ndi 90 − 7 ndi 90 + 7, 83×97. Ikapanda kutuluka sikweya pitani pa 91², 92², choncho. Njira yogawa mmodzimmodzi ikanakufikitsani pa 83 mutayesa ma prime 22 pachabe.

Makompyuta akafuna kudziwa ngati nambala yaitali ndi prime sagawa mmodzimmodzi, amagwiritsa ntchito mayeso ngati a Miller–Rabin. Pali mayeso osavuta ochokera pa lamulo laling'ono la Fermat omwe ena amawakhulupirira mopitirira muyeso, chenjerani nawo, amatha kunena motsimikiza kuti iyi si prime koma akati ndi prime nthawi zina amanamizidwa. 341 amadutsa mayesowo mukagwiritsa ntchito 2 pomwe iye ndi 11×31, ndipo 561, yemwe ndi 3×11×17, amadutsa ndi nambala iliyonse yomwe sagawana nayo prime. Fermat mwini wakeyo ankaganiza kuti 4,294,967,297 ndi prime, Euler anadzaonetsa mu 1732 kuti ndi 641×6,700,417. Ndipo mu 1903 Frank Nelson Cole anaonetsa kuti 2⁶⁷ − 1 ndi 193,707,721 × 761,838,257,287, wopanda kompyuta, pamanja. Masiku ano kudziwa kuti nambala ndi prime nkosavuta kuyerekeza ndi kuiphwanya, prime yomwe inapezeka mu October 2024 kudzera mu GIMPS (gulu la anthu osaka ma prime aakulu ndi makompyuta awo), 2 wochulukitsidwa yekha maulendo 136,279,841 kuchotsa 1, ili ndi madijiti 41,024,320, pomwe kuphwanya nambala ya madijiti 250 okha yotchedwa RSA-250 mu 2020 kunafuna makompyuta ambirimbiri kugwirira limodzi.

Pa madijiti sikisi kapena seveni pensulo ikwana. Tengani 324,324 muyese nokha, yambani ndi madijiti awiri omalizawo, kenako wonkhetsani madijiti, kenako dulani atatuatatu nkuchotsera muone chomwe chituluke. Mukapeza ma factor 120 ndiye kuti mwasenda bwino, mukapeza ochepa bwererani pa ma 3, alipo anayi.